Chofunda cha zigamba chiposa ma flask asanu a pa ukwati

Anthuni, ine zoti ukwati uliwonse tizinyamula ndowa za pulasitiki, ma flask ndi ma duveti a ku China zanditopetsa. Mkwatibwi amalandira ma flask asanu ofanana, pakatha zaka ziwiri onse asweka mkati, duveti thonje lake launjikana kona imodzi, ndipo palibe akukumbuka kuti anapereka ndani. Maganizo anga ndi akuti mwana akamalowa m'banja, kaya kwabadwa mdzukulu woyamba, azimayi a pamtundu azimusokera chofunda cha zigamba kuchokera ku zitenje zawo zomwe.

Taganizani zitenje zili mu sutikesi ya mayi anu. Cha msonkhano wa Mvano, cha ukwati wa azakhali, cha chinkhoswe chija munakangana za mtundu mpaka gulupu ya WhatsApp kutsala pang'ono kutha, cha David Whitehead chakalekale cholimba chija, chomwe ankakuberekerani muli khanda, ngakhale cha chipani chomwe analandira ku msonkhano (chimenecho mwina muchiike kunsi kkkk). Zimangokhala osavalidwa, mwini wake akatisiya zimagawidwa wina chimodzi wina ziwiri, chaka chisanathe china chasanduka chokolopera. Pomwe mutadula pang'ono pa chilichonse nkulumikiza, mdzukulu akhoza kumaloza kuti ichi chinali cha agogo a ku Dedza, ichi cha amayi aang'ono.

Ndikudziwa ena muti zigamba ndi umphawi, kwa apongozi sungapite nazo. Ku America kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend ku Alabama, kokhala anthu akuda omwe makolo awo anali akapolo m'minda ya thonje. Azimayi akumeneko ankasoka zofunda za zigamba, zomwe amati ma quilt, ndi ma jinzi akutha, malaya a kumunda ndi matumba, chifukwa nyumba zinali zozizira ndipo ndalama ya bulangete panalibe. Mayi wina, Missouri Pettway, amuna ake atamwalira anatenga zovala zawo zogwirira ntchito nkusoka chofunda mu 1942, zothimbirira za m'mawondo zikuonekabe. Mu 2002 zofunda za m'mudzimu zinaonetsedwa ku Houston kenako ku Whitney Museum, nyumba yoonetserako zaluso ku New York, ndipo mu 2006 boma la America linaziika pa masitampa. Zigamba zomwezo. Ife kuno tikuchita nazo manyazi koma tili kalikiliki kuvundukula mabelo a kaunjika kufuna zofunda zomwe anzathu anataya.

Kasokedwe kake si kovuta, kamangofuna kudekha. Pamakhala magawo atatu, pamwamba zigamba, pakati bulangete lakale lochapa bwino kapena thonje lija amaika m'ma duveti, pansi nsalu imodzi yaikulu. Mukadula zidutswa za masentimita 22 mbali zonse nkusiya sentimita imodzi ya msoko mbali iliyonse, zidutswa 110 zikupatsani chofunda cha mamita 2 mulifupi ndi 2.2 mulitali, bedi la dabo chikwana bwinobwino. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimatulutsa zidutswa pafupifupi 40, ndiye simufunika kuononga zitenje zambiri, mumangopempha kachidutswa kwa aliyense. Zikaperewera pitani kwa atelala a pakhonde, zotsala zimangodzaza m'thumba pansi pa makina.

Koma chonde chapani kaye chitenje chilichonse pachokha musanadule!! Zina zimasuluka heve, chofiira chimodzi chikhoza kuononga ntchito yonse tsiku loyamba kuchapa, komanso chatsopano chimafupika pomwe chakale chinafupika kale, msoko umakwinyika. Ndipo musasakanize za thonje ndi zoterera za naironi zija, sizimvana. Kulumikiza zidutswa makina a Singer opalasa ndi mwendo akwanira, koma kusoka kobaya magawo atatu onse pamodzi ine ndimakonda kwa pamanja, azimayi anayi pa mkeka aliyense kona yake, nkhani zikuyenda. Mizere ikakhota asiyeni, si za ku fakitale.

Pali nkhani ya zovala za malemu, apa sindikakamiza munthu. Mabanja ena safuna kufunda nsalu ya womwalira, ena amaopa kupereka chitenje chomwe anavalapo kuti wina angakachite nacho za kumpanda. Mukhale pansi mugwirizane, amene sakufuna musamunene. Nchifukwa chake kuli bwino kusoka agogo akadali moyo, asankhe okha chitenje choti chidulidwe, mwinanso asokeko mzere umodzi ndi dzanja lawo.

Chimene chimandinyansa ndi kulandira chinthu chotere nkuchitsekera mu sutikesi kudikira alendo, ngati mbale zija za mu kabati zomwe tinakula tisanadyerepo. Ayi, chifundidwe. Juni ndi Julayi Chiperoni ikamawomba ana alowemo, chikang'ambika muikepo chigamba china cha m'badwo wanu. Pa kona yakumbuyo musokepo ndi ulusi dzina la wosoka, la wolandira ndi chaka, osati ndi bolopeni, imafufutika. Ndipo ngati ukwati uli mu Okutobala yambani kutolera zidutswa pano, azakhali ena kuti atulutse chitenje chimodzi mpaka uwaimbire foni mwezi wathunthu.