HR ya pa cloud ndi yabwino, koma funsani kaye za dola

Anzanga a ku HR ndi ku akaunti, ndilankhuleko za mapulogalamu a pa cloud awa, osunga zolemba za antchito pa intaneti, omwe ogulitsa akutiyendera nawo m'maofesi. Sindikuwakana ayi. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti tikumasaina msanga, titangokopeka ndi zimene ationetsa pa laputopu.

Ubwino wake ngosabisika. Fayilo ya munthu sisowanso m'kabati nthawi yomwe akufuna kupuma pa ntchito. Bungwe likhoza kukhala ndi likulu ku Lilongwe, antchito ena ku Nsanje, ena ku Chitipa, aliyense n'kumapempha tchuthi pa foni, abwana n'kuvomereza ali kumsonkhano ku Mangochi. Payslip munthu amadzitengera yekha. Seva, kompyuta yaikulu yosungira zolembazo, simugula, ndiye magetsi akazima kwanu, zolemba zanu zili bwinobwino kwina. Koma chimene ndimachikonda koposa n'chakuti pulogalamu imasunga dzina la aliyense amene wasintha kanthu, ndi nthawi yake. Wina akalowetsa dzina la mzukwa pa payroll, mapazi ake amatsala.

Tsono dola. Mapulogalamu monga BambooHR, Zoho People ndi SAP SuccessFactors amalipiritsa potengera chiwerengero cha antchito, mwezi ndi mwezi kapena pachaka, m'ndalama zakunja. Kumbukirani Novembala 2023 pamene kwacha idatsika ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Antchito omwewo, pulogalamu yomweyo, koma bilu idalumpha tsiku limodzi. Ndipo kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti madola muwapeza. Kubanki mukadikira limodzi ndi oitanitsa mankhwala ndi feteleza, pomwe mwini pulogalamu, ali kutali uko, akungoyang'ana tsiku lolipira. Likapitirira akhoza kukutsekerani. Mabungwe olandira thandizo m'madola izi siziwapweteka kwenikweni. Wopwetekeka ndi kampani yogulitsa katundu m'makwacha ku Limbe.

Kenako malamulo athu. Magawo a PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, amasintha boma likapereka bajeti, ndipo ndalamayo iyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Penshoni, olemba ntchito amaika 10 peresenti, wantchito 5. Palinso TEVET levy ya 1 peresenti, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, 15 kwa ogwira masiku asanu. Pulogalamu yopangidwira msika wa ku America kapena ku India sibwera ikudziwa zimenezi. Ngati palibe woziikamo ndi kuzikonza bajeti ikasintha, mapeto ake malipiro mumawerengabe pa Excel, kenako n'kumakopera mu cloud kuti abwana aone zokongola. Apo mwalipira madola kuti mugwire ntchito kawiri.

Ena amati makampani akuluakuluwo sagwa. Mu Disembala 2021 akuba a pa intaneti adaukira Kronos, pulogalamu ya kampani ya UKG yowerengera maola ndi malipiro, ndipo idakhala yosagwira ntchito kupitirira mwezi. Zipatala ndi makampani ku America adabwerera pa pepala ndi cholembera, malipiro ena n'kumangoyerekeza, nyengo ya Khrisimasi. Amenewo anali ndi maloya oti alimbane ndi UKG. Inu wa antchito 80 ku Zomba, foni yanu adzayamba kuyankha ndani?

Musaiwalenso kuti zimene mukukweza kumeneko si zanu. Ndi manambala a chiphaso cha unzika, maakaunti a kubanki, makalata a dokotala, machenjezo amene munthu adalandira. Chiyambire 2024 tili ndi Data Protection Act, woyang'anira ndi MACRA, ndipo lamuloli limakhudzanso kutumiza zinthu zotere kunja kwa dziko. Choncho kufunsa ogulitsa kuti seva yawo ili ku Cape Town, ku Ireland kapena kuti, si mwano.

Nanga alonda, otchola tiyi ku Thyolo, madalaivala, ambiri mwa iwo okhala ndi kafoni ka mabatani? Bandulo yolowera mu pulogalamuyo agula ndani? Nthawi zambiri kalaliki wa HR amadzakhalabe wowadzazira zonse.

Ndiye ine ndikuti, bungwe lokhala ndi nthambi zambiri komanso lopeza madola, gulani, mupindula. Ena nonse, yambani mwafufuza ogulitsa amene amalandira makwacha ndipo amadziwa PAYE yathu. Mu mgwirizano mulembedwe kuti mukafuna kuchoka adzakupatsani zolemba zanu zonse, mu fayilo yoti itseguke pa Excel, popanda malipiro ena. Ndipo mwezi uliwonse payroll ikatsekedwa, tsitsani kope musunge mu ofesi, lotsekedwa ndi password, lodziwika ndi anthu awiri.