Kamigawa yakale ija sinagwe chifukwa cha mizimu

Osewera Magic: The Gathering ali ndi kankhani kamodzi komwe amangobwereza chaka ndi chaka, akuti Kamigawa yoyamba ija, seti (gulu) ya makhadi a gemuyi, inafeila chifukwa inali yachi Japan kwambiri, anthu sanaimvetse. Ine ndikukana abale anga. Chomwe chinaigwetsa setiyi ndi makhadi ofooka basi, koma dziko lenilenilo ndi stori yake zinali bho kuposa zambiri zomwe a Wizards of the Coast, kampani yopanga gemuyi, atipatsapo.

Kwa inu amene gemuyi simuidziwa, ndi ya makhadi ogula m'mapaketi, umasonkhanitsa n'kupanga deki yako kenako n'kumenyana ndi mnzako. Anaiyambitsa Richard Garfield mu 1993. Seti iliyonse imachitikira m'dziko lopeka, ndiye mu October 2004 anatulutsa Champions of Kamigawa, kenako mu 2005 kunabwera Betrayers ndi Saviors, zonse zotengera Japan wakale wa ma samurai ndi chikhulupiriro cha Shinto choti chinthu chilichonse, mtsinje, phiri, mtengo, chili ndi mzimu wake wotchedwa kami.

Tamvani storiyo kaye. Mfumu Konda wa ku Eiganjo, munthu wolemekezeka amene anagonjetsa adani ake onse, anafuna kuti ufumu wake usadzathe. Usiku womwe mwana wake wamkazi Michiko ankabadwa, iye anachita mwambo n'kuba kanthu kuchokera ku dziko la mizimu, kanthuko kanali ngati mwana wa O-Kagachi, chinjoka chachikulu pa mizimu yonse. Anakatsekera mu nsanja yake, iye osakalambanso. Mizimu inalusa n'kuyamba kupha anthu omwe ankaipembedza dzulodzuloli, nkhondo zaka 20, ndipo chowawa n'choti anthu wamba ankafa osadziwa chomwe alakwa, mfumu ili phee ndi chinsinsi chake. Tsono mundiuze, chovuta kumva ndi chiti pamenepa? Aliyense amene anakula akumva agogo akunena kuti m'nkhalango yakutiyakuti sadulamo mtengo, ukatengamo kanthu mudzi wonse uona malodza, storiyi aimva osafuna womasulira.

Komanso ngwazi yake si munthu woyera mtima ayi. Toshiro Umezawa ndi kamberembere, amangofuna kupulumutsa khungu lake, amachita madilu ndi mizimu yoopsa ndipo pamapeto pake akutayidwa ku dziko lina la Dominaria ali wakhungu. Anthu ake enawo nawonso, kitsune a nkhope ya nkhandwe, nezumi makoswe okhala m'madambo, orochi anthu anjoka a m'nkhalango ya Jukai, soratami okhala m'mitambo amene amaoneka aulemu koma ndi amene ankasonkhezera moto kuseri. Ndipo ojambula sanajambule mizimu ngati anthu okongola a mapiko iyayi, anaijambula yodabwitsa, nkhope pamalo posayenera, tizinthu tikuyandama mozungulira thupi, ukaliyang'ana khadi umachita kumva kuti ichi si cha dziko lathu lino. Zimenezo ndi zomwe ena ankati zachilendo kwambiri. Kwa ine ndiye panali pokomera pomwepo.

Vuto linali pa tebulo. Kamigawa inabwera pambuyo pa seti ya Mirrodin ya 2003 yomwe makhadi ake anali amphamvu mopyola muyezo mpaka ena anachita kuletsedwa, anthu ambiri n'kusiya kusewera chifukwa chotopa ndi deki ina yamphamvu kwambiri yotchedwa Affinity. Ndiye poyerekeza ndi imeneyo, makhadi a Kamigawa anali ofooka kwambiri. Kutsogolo kwakenso kunabwera seti ya Ravnica mu 2005 yomwe aliyense anaikonda. Kamigawa inapanikizika pakati. Malamulo ake atsopano nawonso anali odzikonda, lamulo la splice onto arcane limagwira ndi makhadi a mtundu wa arcane okha, la soulshift ndi makhadi a mizimu (ma spirit) okha, ukawatulutsa kunja kwa setiyo alibe ntchito, ndiye munthu wagula mapaketi ndi ndalama zake koma sangawasakanize ndi makhadi ake akale. Saviors ndiye inanyanya, inkakulimbikitsa kusunga makhadi ambiri m'manja osawaponya. Gemu ya makhadi yokuuza kuti usasewere makhadi, eti? Anapanganso kuti cholengedwa chilichonse cha rare (makhadi osowa) mu Champions chikhale legendary, dzina lopatsidwa kwa otchuka a mu stori, mapeto ake ulemu wa dzinalo unatsika poti aliyense anali bwana.

Koma pomwe anaika mphamvu anthu sanadandaule za mayina ovuta kutchula. Khadi la Umezawa's Jitte aliyense ankalifuna, anthu ankagula deki yokonzeratu ya Rat's Nest chifukwa cha khadi limodzi lomwelo, ndipo Modern, mtundu wina wa mpikisano, itayamba mu 2011 linali kale pa mndandanda wa oletsedwa limodzi ndi khadi linanso la ku Kamigawa, Sensei's Divining Top. Khadi la Kiki-Jiki mpaka lero limatchulidwa. Ninjutsu, pomwe cholengedwa chako choukira mdani chikapanda kutchingidwa umachibweza m'manja n'kulowetsa ninja m'malo mwake, imakondedwabe. Palibe amene anati Jitte ndi yachi Japan kwambiri sindiifuna. Khadi likakhala lamphamvu lilime limaphunzira lokha.

Mark Rosewater, mkulu wa zodizaina gemuyi, kwa zaka zambiri ankanena kuti kubwerera ku Kamigawa n'kovuta, pa sikelo yake ya Rabiah yoyeza mwayi wobwerera ku dziko lakale, yomwe 10 ndiye kuti iwalani, anaipatsa 8. Komabe mu February 2022 anabwerera ndi Neon Dynasty ndipo inagulidwa kwambiri. Apa ndi pomwe anzanga ena amati mwaona, anachita kuisintha kuti iyende. Inde anaisintha, anadumpha zaka zoposa 1,200 kutsogolo, mzinda wa Towashi uli ngwee ndi magetsi amitundumitundu, maroboti akuluakulu okwera anthu, ma ninja a zipangizo zamakono ngati Kaito Shizuki. Koma musaiwale kuti makhadi akenso anali amphamvu heve. Khadi la Fable of the Mirror-Breaker anachita kuliletsa mu mpikisano wa Standard mu 2023. Makhadi a malo (ma land) ngati Boseiju ndi Otawara analowa m'madeki pafupifupi kulikonse. Ndiye tinganene bwanji kuti ndi magetsi omwe anagulitsa setiyo pomwe zinthu ziwiri zinasinthidwa nthawi imodzi?

Sindikuti Neon Dynasty ndi yoipa, ndimaisewera pa Arena, Magic ya pa kompyuta ndi pa foni, ndipo pali zina anachita bwino kuposa kale. Anaitana alangizi odziwa chikhalidwe cha ku Japan, ojambula a ku Japan komweko anajambula makhadi ena, ma basic land, makhadi wamba a malo, a kajambulidwe kakale ka ku Japan ka ukiyo-e ndi okongola zedi. Makhadi a Saga ofotokoza mbiri yakale kenako n'kutembenuka kukhala cholengedwa, nzeru imeneyo ndaigonjera. Ndipo mkungudza waukulu uja Boseiju utaima pakati pa nyumba zosanja zitauzinga mbali zonse, chithunzi chimenecho chikunena zambiri. Kungoti Japan wa mu Neon Dynasty ndi amene anthu akunja anamuzolowera kale kudzera mu anime ndi magemu a pa kompyuta, sakukuvutitsa mutu, umangoti aa ichi ndikuchidziwa. Ya 2004 inkafuna kuti iweyo usunthe, uphunzire kuti kami n'chiyani, chifukwa chiyani anthu akupepesa mzimu womwe ukuwapha. Mdani wamkulu wa 2022 ndi Tezzeret ndi Jin-Gitaxias, alendo ochokera kwina, pomwe kale tsoka linachokera m'nyumba momwemo, kwa mfumu yomwe anthu ankaiwombera m'manja.

Seti ya Tarkir ya 2014 nayonso inatengera ku Asia mafuko ake, a Mardu ngati ma Mongol, a Sultai ngati ufumu wa Khmer, a Jeskai ngati amonke a m'mapiri, mayina achilendo okhaokha, koma poti munali makhadi amphamvu ngati ma fetch land ndi Siege Rhino palibe analira kuti sakumva. Mpaka lero anthu amatchula madeki a mitundu itatu ndi mayina omwewo, Abzan, Temur, ngati anabadwa nawo.

Ine chomwe ndikufuna n'choti tsiku lina adzapange seti ya nthawi ya nkhondo ya mizimu ija, Konda ali moyo mu nsanja yake, koma makhadi akhale a mphamvu ngati a masiku ano. Akadzatero ikafeilabe ndiye mudzabwere mudzandiuze za mayina ovuta.