Mankhwala ochotsera penti: Britain, anzake a EU ndi America sakuyenda njira imodzi

Aliyense amene wagwirapo ntchito ya penti ku UK wamvapo madandaulo akuti Nitromors (mtundu wina wa mankhwala ochotsera penti) ya masiku ano ndi madzi chabe, umapaka kangapo penti osatekeseka, pomwe yakale ija ukangopaka mphindi zochepa penti yayamba kufufuma. Sikuti kampani inayamba umbombo ayi, anachotsamo dichloromethane, ena amati DCM kapena methylene chloride.

Mankhwalawa amawira pa madigiri 40 okha, ndiye ukatsegula chitini mpweya wake umadzaza mchipinda, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umakhala pansi. Ukaupuma thupi limausandutsa carbon monoxide, utsi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula mnyumba. Kamasiki kafumbi sikathandiza olo pang'ono.

EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) inagwirizana mu 2009 kuti zochotsera penti zokhala ndi DCM yofika 0.1% zichoke pamsika, pofika December 2011 kugulitsa kunatha, June 2012 ngakhale amisiri analetsedwa kuzigwiritsa ntchito. Mafakitale okha okhala ndi zotulutsira mpweya ndiwo anatsala. Koma anasiya kakhomo, dziko lililonse lili ndi ufulu wololeza amisiri ophunzitsidwa bwino, ndipo Britain, yomwe nthawi imeneyo inali mu EU, inalowera pomwepo, mmisiri aphunzire kaye apase mayeso a HSE (bungwe la boma loona za chitetezo pantchito) atenge setifiketi ndiye agule. Dziko lomwe silinatsegule kakhomoka ndiye kuti mmisiri wamba alibe mwayi, kaya ali ndi zaka zingati pantchito.

Papepala za Britain zikumveka bwino. Vuto ndi pa intaneti, ogulitsa ena amangolemba "industrial use only", iwe nkudina kabokosi kovomera kuti ndiwe wa fakitale, basi chigubu chafika pakhomo, palibe wakufunsa setifiketi. Ndiye munthu wamaganyu wapatsidwa chitseko chakale kuti achipale, akugwirira mugalaja yotseka chifukwa kunja kukuzizira, lamulo lija lamuteteza pati?

America inachedwa kwambiri abale. EPA (bungwe la boma loona za chilengedwe) inaletsa kugulitsa kwa anthu wamba mu 2019, masitolo ngati Lowe's atayamba kale okha kuzichotsa, koma ogwira ntchito anawasiya choncho. Chonsecho ambiri omwe amafa anali amisiri omwewo, makamaka okonza mabafa, munthu wawerama mutu uli mubafa momwe mpweya uja waunjikana. EPA imati anthu osachepera 88 afa kuyambira 1980. Mu 2024 ndi pomwe analetsa ntchito zambiri za mankhwalawa.

Ine ndikuona kuti otseka khomo lonse ndiwo anaganiza bwino, ngakhale Nitromors yatsopanoyi imatopetsa kudikira. Ngati bwana wakupatsani chitini chopanda dzina lodziwika, werengani kumbuyo, mukaona dichloromethane mufunseni setifiketi yake ili kuti musanatsegule.