Busta ya Malume

(Loweruka masana ku Mayfair, ku Joni. Kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Mpira wa Bafana Bafana uyamba 3 koloko. Malume alowa atasenza chikatoni, thukuta lili kamukamu. Mphwawo, yemwe wakhala akugwira ganyu yokhoma madishi ndi maeriyo, akudya mkute. Anti akusita.)

MALUME: Mphwanga, siya nsimayo. Lero mavuto a m'nyumba muno atha.

MPHWAWO: Mapepala atuluka?

MALUME: Usandiyambe. Ndagula busta, yokuzira siginolo ya TV.

ANTI: Ndi ndalama ya lendi ija?

MALUME: Mayi a Chisomo, lendi imabwera mwezi ndi mwezi. Busta munthu amagula kamodzi mpaka kufa.

MPHWAWO: (akuwerenga pakatoni) Malume, apa alemba 30 dB.

MALUME: Eya. Panali ya 10, panali ya 20. Ine ndinati tazisiyani zoseweretsa anazo, nditsitsireni tate wake.

MPHWAWO: Mukudziwa kuti 30 dB ndi chiyani?

MALUME: Ndi yoposa 20.

MPHWAWO: Ya 10 imachulukitsa mphamvu ya siginolo ka 10. Ya 20 ka 100. Iyi ka 1,000.

MALUME: Mwamva, mayi a Chisomo? Ka 1,000! Lero tionera MBC. Mawa Bullets ndi Manoma, ndili khale pampando wanga uno.

MPHWAWO: MBC ya ku Blantyre?

MALUME: Ilinso ina ku Soweto?

MPHWAWO: Malume, pobwera kuno munayenda masiku angati?

MALUME: Awiri. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Pa Beitbridge tinagona pamzere.

MPHWAWO: Ndiye mukufuna siginolo iyende njira yonseyo kudzafuna inu? Mafunde a TV amayenda molunjika ngati maso a munthu. Phiri likatchinga, athera pompo. Dziko likapindika, iwo sapindika nalo. Eriyo imatola za nsanja yapafupi, makilomita makumi angapo basi. Blantyre ndi makilomita opitirira 1,000.

MALUME: N'chifukwa chake ndagula ya ka 1,000. Kilomita iliyonse kamodzi.

ANTI: Masamu omwewa ndi amene anatifikitsa m'kachipinda kano.

MPHWAWO: Ndi eriyo mupeza SABC 1, 2, 3, e.tv ndi tina ta dijito. Zaulere, zosalipira pamwezi. Kupatula laisensi ya TV, ma randi 265 pachaka.

(Bata.)

MALUME: Kunja kukutentha lero.

MPHWAWO: Ndati laisensi.

MALUME: Ndakumva. Tiye tione za eriyo.

ANTI: Eriyo yake iti?

MALUME: Ija ndinatola kwa bwana wanga ku Randburg. Yamakona anayi, ya mawaya.

ANTI: Ija yonga chootchera nyama?

MALUME: Yomweyo.

ANTI: Ili kuseriko. Ndayanikapo usipa umene unabwera ndi basi Lachitatu.

MALUME: Usipa pa eriyo yanga?

ANTI: Miyezi isanu ndi umodzi ili kukhonde. Ine ndiye ndinaipezera ntchito. Inu munaipezera chiyani?

MALUME: Zilibe kanthu. Ndipotu sindiifunanso. Kushopu kuja ndaona ina yaitali, yonga minga ya chambo, kutalika kwake kuchoka pano kukafika pachitseko. Mwezi ukatha ndikatenga imeneyo. Anthu azidziwa kuti pano pamakhala munthu.

MPHWAWO: Ya minga ija amati Yagi. Ndi ya anthu okhala kutali ndi nsanja. Ikatalika imaona patali, koma imaona pang'ono, ngati tochi ya alenje. Mukaiphonyetsa pang'ono, mwaphonya zonse. Ya usipayi imaona motambalala. Kwa ife yomweyi ikukwana, mwinanso ikuchita kutikulira.

MALUME: Palibe chinthu chimene chimandikulira ine.

ANTI: Lendi.

(Mphwawo akutumula usipa, atenga eriyo. Malume atulutsa mtolo wa mawaya pansi pa bedi.)

MPHWAWO: Ichi n'chiyani?

MALUME: Chingwe.

MPHWAWO: Zingwe zinayi izi. Apa mwalumikiza ndi jumbo ya buledi. Apa ndi bandeji. Ichi chinachi ndi cha sipika ya galimoto.

MALUME: Waya ndi waya.

MPHWAWO: Ayi malume. Chingwe cha eriyo ndi chija chonenepa, RG6, chokhala ndi kawaya kamodzi pakati ndi ukonde wachitsulo mozungulira. Ukondewo ndiwo umatchinga phokoso. Chikhale chimodzi kuchoka padenga kufika pa dikoda, mitu yake ikhale yopotokola bwinobwino, ya panja yomata kuti madzi asalowe. Madzi akalowa m'chingwe, siginolo imafera m'njira ngati mbuzi ya pa kabaza.

MALUME: Busta idzaidzutsa.

MPHWAWO: Busta sidzutsa akufa. Mukukumbuka pamaliro a agogo ku Ntcheu, atapereka chimkuzamawu kwa mkulu uja anali atalawa kachasu?

ANTI: Amene anathokoza anamfedwa chifukwa cha ukwati wabwino?

MPHWAWO: Yemweyo. Chimkuzamawu chinamukonzera mawu?

MALUME: Chinawafikitsa mpaka kumsika.

MPHWAWO: Ndiye busta imeneyo. Chimene yalandira ndi chimene imakuza. Ikalandira zabwino ikuza zabwino, ikalandira phokoso ikuza phokoso, n'kuwonjezerapo kaphokoso kake. Ngakhale nsanja za mafoni za 4G, zimene mafunde ake ali khomo loyandikana ndi a TV, nazonso imazikokera m'nyumba ngati ilibe sefa.

MALUME: Iwe, ine TV ndinayamba kuonera usanabadwe. TVM ikutsegulidwa mu 1999 ndinali pa sitolo ya mmwenye ku Limbe, kutsogolo kwenikweni kwa galasi.

MPHWAWO: Nthawi imeneyo siginolo ikafooka mumaonabe anthu akuyenda mu mpunga. Pano ndi DVB-T2. Dijito ilibe chisoni. Ikakwana, chithunzi chili mbee. Ikaperewera pang'ono, nkhope ya wowerenga nkhani isanduka timabokosi, kenako mdima. Ndipo TV yanu ya 2009 ija payokha siimva chinenero chimenechi, n'chifukwa chake tinagula kadikoda.

MALUME: Yankhula uli padenga. Nthawi ikutha.

(Mphwawo atulutsa chingwe chotsala kuganyu m'chikwama mwake, abwereka makwerero a eni nyumba, akwera. Malume akhala kutsogolo kwa TV ndi rimoti. Anti aima pawindo kuti azipereka uthenga.)

MPHWAWO: (ali padenga) Bustayi ndiimange kuno?

MALUME: Ayi! Ibwere m'nyumba, ikhale pamwamba pa TV, alendo aziiona.

MPHWAWO: Iyi ndi ya pamtengo wa eriyo. Imafunika ikuze siginolo isanayende m'chingwe, ikadali yoyera. M'nyumba mumakhala kabokosi kake ka magetsi, kamene kamaitumizira mphamvu kudzera m'chingwe chomwecho.

ANTI: Akuti yakeyo ndi ya panja, inu mwatsala ndi kabokosi.

MALUME: Ndalama zonse zija, n'kukaziyanika kwa nkhunda? Chabwino, manga. Tsopano lozetsa ku nsanja.

MPHWAWO: Iti?

MALUME: Yaitali ija ya ku Hillbrow.

MPHWAWO: Imeneyo ndi ya matelefoni, malume. Ya Telkom.

MALUME: Bodza! Mu 2010, pa World Cup, ndinaona ndi maso angawa atapachikapo chimpira chachikulu. Nsanja ya mpira ndi imeneyo. Ukufuna mpira, lozetsa kumene kuli mpira.

MPHWAWO: Kunali kukongoletsa chabe. Ya TV ndi iyi ya Sentech, ya ku Brixton. Ili apa kumpotoku, ndikuiona yonse, ngakhale mawindo ake.

MALUME: Yaitali ndi iti?

MPHWAWO: Ya Hillbrow ndi mamita 269. Ya Brixton 237.

MALUME: Wadzigwira wekha. Wamkulu ndi wamkulu. Hillbrow!

ANTI: Akuti Hillbrow. Ine ndikungonena zimene ndauzidwa.

(Mphwawo alozetsa kummawa.)

MPHWAWO: Zikuoneka?

MALUME: Zikubwera! Ndikuona mwendo wa munthu!

ANTI: Akuti kwabwera mwendo.

MPHWAWO: Mwini wake?

ANTI: Sanafike. Mwendonso wapita.

MPHWAWO: Taonani madenga a anzathu onse m'msewu muno. Maeriyo onse ayang'ana ku Brixton, timinga tawo tagona chimodzimodzi. Anthu onsewa ndi opusa?

MALUME: Ambiri mwa iwo ndikuwadziwa. Inde.

ANTI: Bambo a Chisomo, yatsala mphindi makumi awiri.

MALUME: Chabwino, tembenuzira ku Brixton. Koma dziwa kuti ndakulola chifukwa cha nthawi, osati chifukwa cha nzeru.

(Mphwawo atembenuza. TV ichita mdima bii.)

MALUME: Ehe! Waona? Ku Hillbrow tinali ndi mwendo. Kuno tilibe ndi chala chomwe!

MPHWAWO: Anti, tengani rimoti ya dikoda, mutsegule pamene pamaonetsa siginolo. Pali mizere iwiri. Ikuti bwanji?

ANTI: Wapamwamba wadzaza, 100.

MALUME: 100! Ine sukulu yonse sindinapezepo 100. Busta yanga!

MPHWAWO: Wam'munsi?

ANTI: Ziro.

MALUME: Wam'munsiwo ngwansanje.

MPHWAWO: Wapamwamba ukunena kukula kwa mawu, wam'munsi ukunena ngati mawuwo akumveka. Nsanja ili pamphuno pathu penipeni, munthu ukhoza kupitako wapansi nsima isanapse. Siginolo ikubwera kale yonenepa, inu n'kuichulukitsanso ka 1,000. Zili ngati munthu waika kamwa kukhutu kwanu n'kukuwa ndi chimkuzamawu. Dikoda yagontha.

MALUME: Ndiye ukuti vuto la busta yanga ndi loti ndi yamphamvu kwambiri?

MPHWAWO: Eya.

MALUME: (kwa Anti, monyadira) Wamva? Yamphamvu kwambiri.

ANTI: Ine simbi yazizira. Soketi ndi imodzi m'nyumba muno. (Azula kabokosi ka busta, alowetsa simbi.)

MALUME: Tsopano ndi 100 yemwe uja watsika! Mayi a Chisomo, mwapha busta!

MPHWAWO: Ikakhala yopanda magetsi imasanduka geti lotseka, siginolo sidutsa bwino. Dikirani ndiichotseretu, chingwe chilowe mu eriyo mwachindunji.

(Kumveka kugogoda padenga. Mwadzidzidzi TV iwala. Bwalo lobiriwira, osewera ali pamzere, nyimbo ya fuko ikuimbidwa.)

ANTI: Mayo ine! Mpaka thukuta la goloboyi likuoneka!

MALUME: Ndinanena ine kuti Brixton.

MPHWAWO: Munati chiyani?

ANTI: Akuti ananena iwo.

MALUME: Nanga bustayi nditani nayo? Risiti ndinakulungira chingwa.

MPHWAWO: Ili ndi malo ake. Munthu wokhala kutali ndi nsanja, kapena amene chingwe chake ndi chachitali kwambiri. Kapena mukafuna kugawira ma TV ambiri, chifukwa kogawira kawiri kalikonse kamadula mphamvu pakati, ngati ndiwo zikafikiridwa ndi alendo. Apo busta yaing'ono imathandiza.

MALUME: Basi! Tigawira a landilodi, anyamata a ku Mangochi a chipinda chachiwiri, ndi mayi wa ku Zimbabwe uja. Aliyense ma randi 50 pamwezi.

ANTI: Muziwagulitsa zaulere?

MALUME: Madzi a m'botolo amachokera kuti? Ikakanika bizinesi, ndiitumiza kumudzi pa basi. Ku Ntcheu mapiri ndi ambiri, ikathandiza pa Kiliye Kiliye.

ANTI: Kwanu kuli magetsi?

MALUME: Mapolo anafika.

ANTI: Anafika ndili ndi mimba ya Chisomo. Chisomo ali Fomu 2.

MPHWAWO: Malume! Ndiponyereni mabawuti ndi zomangira, ndiikhwimitse ndizitsika.

MALUME: Mabawuti ati?

MPHWAWO: Aja ndinakulemberani papepala. Mabawuti opindika awiri, chitsulo chokhoma kukhoma, ndi waya wopita pansi woteteza ku mphenzi.

MALUME: Aaa, aja. Ndalama inathera pa busta.

MPHWAWO: Ndiye eriyoyi igwidwa ndi chiyani?

MALUME: Panopa yagwidwa ndi chiyani?

MPHWAWO: Ndi ine.

MALUME: Ndipo ikuonetsa bwino kwambiri. Usasunthe.

MPHWAWO: Malume, kumwera kwada bii. Mvula ya ku Joni mukuidziwa, imabwera ndi mphenzi. Ine ndili pamwamba pa malata nditakumbatira chitsulo!

ANTI: Bambo a Chisomo, mwana wa mlongo wanu ameneyu. Atsike. Ine sindikufuna zosonkha ndalama ya bokosi mpaka ku Ntcheu.

MALUME: Mtambo umenewo ukupita ku Germiston, ndimaudziwa.

(Bingu ligunda. Mphwawo aponya eriyo pamalata, athamangira kumene kunali makwerero. TV ithima.)

MALUME: Iwe! Anali atatsala yekha ndi goloboyi!

MPHWAWO: Makwerero ali kuti?

ANTI: A landilodi atenga. Akuti akukachotsa masamba m'ngalande za denga lawo mvula isanayambe.

MPHWAWO: Akuwireni abweretse!

MALUME: Ine ndikaonekere kwa landilodi lero, lendi ili m'katoni? Mayi a Chisomo, pitani inu.

ANTI: Akandifunsa ndikati chiyani?

MALUME: Mukawauze kuti tili ndi busta yogulitsa. Ya ka 1,000. Mukatinso imagwira MBC.

MPHWAWO: Malumeee!

MALUME: Ukubwera makwerero, mphwanga, usalire. Koma poti ukudikirabe, tadzutsako eriyoyo pang'ono, tingoona ngati chinalowa.