Musandiuzenso kuti "inali nthawi yake"

Ndangomaliza Casino Royale, buku loyamba la James Bond limene Ian Fleming anatulutsa mu 1953. Ndinaligula kwa mnyamata wina wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, chikuto chitang'ambika kale. Mtima wanga sunakhale m'malo mpaka pano.

Chandiwawa ndi ichi. Vesper Lynd, mkazi amene boma la Britain lamutuma kukagwira ntchito limodzi ndi Bond, adani amuba. Bond ali pa liwiro ndi galimoto kuwathamangira, koma m'mutu mwake akungotukwana kuti akazi bwanji osangokhala pakhomo n'kumasamala miphika yawo. Mnzako ali m'manja mwa zigawenga, iwe ukuganiza za miphika? Chonsecho mwamuna wanzeruyo anali atangoluza ndalama zonse pa juga, n'kupulumutsidwa ndi Felix Leiter wa CIA, bungwe la ukazitape la America. Kenaka nayenso amugwira, amumangirira pampando ali mbulanda.

Nditamuuza mnzanga wina, akuti "aaa iwe, inali nthawi yake imeneyo." Nthawi iti? Fleming anagwira ntchito ya ukazitape ku gulu lankhondo la pamadzi la Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo yomweyo, Noor Inayat Khan anatumizidwa ku France ndi wailesi yake yachinsinsi, anagwidwa, n'kuphedwa ku ndende ya Dachau ku Germany mu 1944. Mkazi ameneyo. Ndiye bambowa sankadziwa kuti akazi amatha ntchitoyi? Ankadziwa, anangosankha kunyoza. Kunyoza ndi kunyoza basi, kaya ndi 1953 kaya ndi lero. Kalendala sinalembepo buku, analemba ndi munthu. Mwina ankafuna kusangalatsa azibambo ogula mabuku, zake zimenezo.

Kulemba amatha, sindikana, gawo la juga lija ndinaliwerenga nsima ikuzizira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo chaka chomwecho cha 1953 ndi chimene agogo athu ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Iwo sinali nthawi yawo? Bwanji anazindikira kuti kupeputsa munthu n'kulakwa?

China chondinyansa, mu 2023 eni mabukuwa anawasindikizanso atachotsamo mawu ena onyoza anthu akuda, makamaka mu buku lina la Bond lotchedwa Live and Let Die. Mukuchotseranji? Asiyeni momwemo tizidziwerengera tokha zimene mkuluyu ankaganiza za ife ali phee m'nyumba yake ku Jamaica, anthu akuda omwewo akumuphikira.