Musanyengedwe ndi nyali imodzi ya sitima mumdima

Ana anga, tamverani kuno. Ndatopa kuona anthu a ndevu zawo akudumpha njanji usiku nyali ya sitima ikuwathobwa m'maso, ati "ikadali patali." Mwadziwa bwanji kuti ili patali? Mwayeza ndi chiyani?

Mitu yakale ya sitima za dizilo inkakhala ndi nyali pamalo amodzi basi, pamphuno kapena pamwamba pa galasi la woyendetsa. Poyamba linali babu limodzi lalikulu, kumbuyo kwake kuli mbale yonyezimira yoponya kuwala kutsogolo. Kenako anayamba kuika mababu awiri ogundizana, lililonse la mawati 200, kuti limodzi likapsa linzake litsale. Koma awiriwo ukawaonera patali amasanduka diso limodzi, ndipo vuto lagona pamenepo. Galimoto ikamabwera mumaizindikira chifukwa nyali zake ziwiri zimanka zitalikirana ikamayandikira. Kadontho kamodzi mumdima sikakuuzani kanthu. Kamaoneka ngati kaima, mwina mumakayesa njinga yamoto, mwina getsi la panyumba ya munthu, pomwe kumbuyo kwake kuli chitsulo cha matani zikwizikwi. Mitu yotereyi sinathe. Ikukokabe mabogi m'maiko ambiri mpaka lero.

Opanga sitima analiona kalekale vutoli ndipo analimbana nalo. M'zaka za m'ma 1930, Jerry Kennelly, wozimitsa moto wa ku Chicago, anapanga nyali yotchedwa Mars Light, imene kamota kankaigwedeza kuti kuwala kuzilemba nambala 8 m'mwamba ndi m'mitengo. Kampani ya Pyle-National inatulutsa yake, Gyralite, yozungulira. Cholinga chinali chimodzi: diso la munthu limagwira msanga chinthu choyenda kusiyana ndi choima. Ku Britain, kumene mitu yoyamba ya dizilo inali ndi timagetsi tofooka, anayamba kupaka nkhope zake utoto wachikasu m'ma 1960 kuti ogwira ntchito panjanji aziiona. Ku America anachita kulamula kuti pofika kumapeto kwa 1997, mutu uliwonse wodutsa misewu ya anthu pa liwiro loposa mamailosi 20 pa ola ukhale ndi nyali zina ziwiri m'munsi, kuti pamodzi ndi yapamwamba zipange ngodya zitatu. Ngodyazo zikamakula, munthu amadziwa kuti chinthu chikubwera. Anthu anataya ndalama ndi tulo pofuna kukonza chimene diso lanu silingathe, inu n'kumati maso anu ndi akuthwa!

Tsopano gwirani ichi, pakuti n'chimene chandilembetsa. Ambiri mumaganiza kuti poti nyali ikukuwalirani, woyendetsa wakuonani ndipo aima. Kukuonani akuonanidi, koma kuima sangathe. Lamulo la ku America limafuna kuti nyali izitha kuonetsa munthu ali pa mapazi 800, amene ndi mamita pafupifupi 244. Sitima ya katundu yodzaza, yothamanga makilomita 90 pa ola, imafuna mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka kuti iime, ngakhale atamanga mabuleki onse. Mamita 244 aja imawamaliza masekondi 10 asanakwane. Mawilo ndi achitsulo, njanji ndi yachitsulo, palibe chogwira ngati tayala pa phula. Chiwongolero chokhotera kumbali kulibenso. Nyali ija anaiikira inuyo kuti muchoke.

Nanga n'chiyani chimakuchititsani kuyenda pakati pa njanji mutatseka makutu ndi nyimbo? Nanga inu oima pamenepo kudikira kuti kuwala kukule kumbuyo kwanu mujambule chithunzi cha pa Facebook, mayi anu akachilandira adzachiika pati? Ndi inu amagalimoto ozembera chotchinga chitatsika kale, muli ndi ana a eni kumbuyo, manyazi mulibe?

Palinso ena amene amagenda nyali ya sitima kapena kuunika woyendetsa kumaso ndi tochi yamphamvu. Amenewa sindiwamvetsa n'komwe. Mutu wakale ukauswera nyali yake imodziyo mwauchititsa khungu, ndipo wina amene akuwoloka patsogolo apo sauonanso.

Pamtima panga pamakhala woyendetsa uja. Amaliza hutala, amamanga mabuleki, kenako amangokhala n'kumayang'ana, poti palibenso china choti achite. Nyali yowalayo imamuonetsa zonse bwinobwino, nkhope ya munthu ndi malaya amene wavala. Anthu ena amabalalika m'mawa, iye amakwerabe mutu womwewo ndi kudutsa malo omwewo usiku wotsatira.

China chimene ambiri simuchilingalira: nyali imaloza kutsogolo kokha. Mutu ukangodutsa, mabogi a katundu otsatira amakhala bii, opanda getsi m'mbali mwake, ndipo pa msewu wopanda magetsi wagalimoto wothamanga amatha kukalowa m'nthiti mwa sitima imene yatseka kale njira. Mukaona chikwangwani cha njanji usiku, chepetsani liwiro, tsitsani galasi, zimitsani wailesi, mumvetsere. Pamene pali njanji ziwiri, bogi yomaliza ikadutsa musadzambatuke, dikirani muone mbali zonse, chifukwa phokoso la sitima yoyamba limabisa la yachiwiri.