Kamuvi Kongodumphadumpha pa Laputopu

Palibe chimene chimandikwiyitsa pa laputopu kuposa kamuvi kamene kamangodumphadumpha kokha munthu uli mkati molemba, mpaka mawu amene ukutaipa n'kukalowa pakati pa ndime ina imene unamaliza kale. Trackpad, malo aja amene timayendetsapo chala posuntha kamuvi, imazindikira chala potengera kusintha kwa timphamvu tamagetsi pamene chakhudza, choncho thukuta, mafuta kapena kadontho kamadzi zimaisokoneza, ndipo kuipukuta ndi kansalu kouma nthawi zina kumathetsa vutoli.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chaja. Machaja ena otchipa amatulutsa magetsi osakhazikika, moti kamuvi kamayamba kunjenjemera ukangolumikiza, koma ukazula chingwe kamadekha nthawi yomweyo. N'chifukwa chiyani ogulitsa sachenjeza anthu za zimenezi? Munthu umataya nthawi yambiri kuikanso ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) ndi kusintha makonzedwe kuti chikhatho chikagunda trackpad isamve, chonsecho vuto lili pa chaja.

Koma trackpad ikatukuka kapena ikayamba kulimba poidina, musazengereze. M'malaputopu ambiri batire limakhala pansi pake, ndipo batire lotupa likhoza kuyaka moto. Zimitsani kompyutayo, musaichajenso, ndipo muipititse kwa okonza.